Kadontho Kofiira pa Raki ya ku Joni

Fungo la kyuteksi likandipeza, kaya mu saluni kaya m'minibasi, ine sindiganiza za zikhadabo za munthu. Ndimaona aNyaMoyo atagwada pafumbi kuseri kwa nyumba yawo ku Mzimba boma, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zikupalasa pambali, kabotolo kofiira kali kumanja, lilime atalitulutsa pang'ono, akudontheza kadontho kunsi kwa mbale. Zikhadabo zawo sizinalawepo kyuteksi. Zinali zazifupi, zothetheka ndi khasu ndi sopo. Kyuteksi yense ankathera pa katundu: mbale zopita kumaliro, zigubu, mpini wa khasu, ngakhale kunsi kwa mpando umene ankapatsa alendo.

Tinafika ku Mzimba ndili sitandade faifi, amayi atasamutsidwa ku Dedza kuti akagwire unamwino pachipatala. Nyumba ya lendi imene tinapeza inagundana mpanda ndi ya aNyaMoyo. Tsiku loyamba lomwelo amayi anandituma kukabwereka sefa. ANyaMoyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata, kenako anatembenuza sefayo n'kundionetsa kadontho.

"Wakaona aka, mwana wa anesi? Chinthu chopanda chizindikiro n'cha waliyose. Ichi chili nacho. Mbwenu chibwerenso."

Sankakhulupirira munthu. Pogula nyemba ankapisa dzanja mpaka pansi pa thumba. Kuchigayo ankaima pakamwa penipeni pa makina mpaka nsidze zawo zitayera ndi ufa. Tsiku lina amayi anawapatsa mapiritsi a mutu, iwo anathokoza bwinobwino, n'kupita kukafunsa namwino wina ngati analidi a mutu. Amayi anakwiya sabata yathunthu. Ine ndinkawaopa, koma ndinkawasiriranso, chifukwa ndinkaona ngati palibe angawapusitse padziko pano. Posakhalitsa nanenso ndinayamba kugwedeza bokosi la machesi pagolosale ndisanalandire.

Munthu m'modzi yekha ndi amene sankamukayikira: mwamuna wawo, aJere, amene anali ku Joni chaka chachisanu ndi chiwiri. Kumeneko n'kumene anatumiza pikapu yoyera, yomwe inkayenda matola pakati pa boma ndi Euthini, itasenza anthu, matumba ndi mbuzi. Woyendetsa anali mlamu wawo Yotamu, mng'ono wa aJere. Galimoto ikangolowa pabwalo, injini isanazizire n'komwe, aNyaMoyo ankaizungulira kuyang'ana timadontho tawo: pa tayala lililonse, pa batire, pa jeke, pa sipeya. Koma pa galimoto penipenipo panalibe kadontho, ndipo tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake.

"Yayi, iyi ndi ya adada Jere. Ine ndikungosunga," anatero. "Mwanalume angasiye malaya, angasiye nkhuku, koma galimoto sangasiye. Abwera."

Chaka chimenecho aJere ananena pafoni kuti Khirisimasi adzadyera kumudzi. Kuyambira pamenepo nkhani ya aNyaMoyo inali imodzi: adzaipeze galimoto monga anaitumizira, osasowa ngakhale bawuti, kuti aone okha mtundu wa mkazi amene anasiya pakhomo.

Ndiye chiwongolero chinayamba kuvina. Yotamu ankati akakhotetsa, matayala amayamba aganiza kaye. Tsiku la msika wa ku Euthini anatsala pang'ono kulowa m'ngalande ndi anthu odzaza kumbuyo, ndipo anafika kunyumba milomo itauma. ANyaMoyo anayamba amununkhiza mkamwa. Ataona kuti si mowa, anaitanitsa aShaba.

AShaba ankakhala kutsidya kwa msewu. Anali nkhalamba yaifupi imene inagwirapo m'magalaja a ku Joni, n'kubwerako ndi chifuwa komanso bokosi la masipanala. Anagona chagada pansi pa pikapu, n'kuuza Yotamu kuti agwedeze chiwongolero uku ndi uku. Tonse tinamva, gu, gu, ngati munthu akugogoda pachitseko cha malata. Anatuluka zala zili nyowe ndi oyilo wofiirira, n'kutifotokozera kuti pansipo pali chitsulo chachitali chimene amati raki, ndicho chimatenga mphamvu ya chiwongolero n'kukankha matayala a kutsogolo. Chinali chitadyeka ndipo chinkadontha. Mabushi, timalabala tozungulira tomwe timachigwira kuti chisagwedezeke, anali atanyenyeka ngati chigumu cha dzulo.

"Ndikagule ku Mzuzu?" anafunsa.

"Za ku Mzuzu amangozitsuka ndi parafini n'kupaka utoto wakuda," anayankha aNyaMoyo. "Atumiza eni ake."

Masabata atatu pikapu inakhala pamiyala, nkhuku zikugona mumthunzi wake. Kenako katoni yaitali inafika ndi anthu onyamula katundu wa ku Joni. ANyaMoyo anaitsegulira m'nyumba, chitseko chitatsekedwa, n'kundiitana kuti ndikhale mboni. Raki inali yonyezimira, yonunkhira pulasitiki ndi girisi watsopano. Anaisisita ngati tsaya la mwana, n'kuitembenuza, n'kudontheza kadontho kunsi kumene maso safika msanga. Mabushi nawo, lililonse kadontho kake.

Zoti galimoto ipite kugalaja anakaniratu. AShaba anabwera ndi bokosi lawo pabwalo pomwepo, ndipo aNyaMoyo anakhala pampando pafupi kwambiri moti nthawi zina sipanala inkawagunda phazi. Nkhalambayo inkagwira ntchito mosafulumira, ikuimba likhweru nyimbo imodzimodzi ya kutchalitchi. Inayamba yawongola matayala, n'kumanga chiwongolero ndi lamba kuti chisazungulire. Inachotsa matayala a kutsogolo, inatchera chitini chakale kuti oyilo wa m'mapaipi adontheremo, inamenya timitu ta kumapeto kwa raki ndi hamala mpaka tinati gwa! kutuluka. Bawuti iliyonse ikatuluka aNyaMoyo ankatambasula dzanja, n'kuiika m'mbale. Dzuwa litafika pamutu, raki yakale inatuluka cham'mbali, yakuda, yamatope, ikukha oyilo.

Nthawi yomweyo panafika uthenga wa maliro. Azakhali awo a aNyaMoyo anamwalira kumudzi kufupi ndi Euthini, ndipo kumeneko munthu sapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndinawaona akulimbana nazo mumtima, diso lina pa katoni, lina pa duku limene ankamanga. Sukulu tinali titatsekera. Anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe uli ndi maso ngati anga. Ukhale pakhonde apo ngati ukusenda mtedza. Chilichonse angachite munthu uyu, udzandiuze. Wamva?"

Ndinamva, ndipo mtima wanga unafufuma ngati mandasi m'mafuta.

Atangochoka, aShaba anayala chiguduli, n'kugoneka raki yatsopano pambali pa yakale. Likhweru linasiya. Anayeza ndi zala, anayezanso ndi chingwe, anasuzumira pamabowo a mabawuti. Kenako anakutumula katoni ndipo munagwa pepala lopindidwa limene ife sitinalione. Anavala magalasi, anawerenga nthawi yaitali, anayang'ana uku ndi uku, n'kulilowetsa m'thumba la ovolosi. Raki yatsopano ija, pamodzi ndi mabushi ake, anaikulunga m'chiguduli, anaimanga panjinga, ulendo. Mtedza unanditayikira m'lichero.

M'mawa mwake sanaoneke mpaka masana. Anafika ali mbuu ndi fumbi la m'njira, atanyamula raki ina, yotuwa, yooneka kuti inayendapo. Anaitsuka, anaiyesa ndi manja kukoka uku ndi uku, khutu lili pafupi. Ndiye anachita chimene chinandimaliza: anatulutsa kachitini ka utoto wofiira, anaviika mtengo wa machesi, n'kudontheza kadontho kunsi kwa rakiyo. Kadontho ka aNyaMoyo anali atakaona! Mabushi anawasema kuchokera ku tayala lakale, mpeni akuuviika m'madzi kuti uterere, akuyesa, akusemanso, mpaka lililonse linalowa mothina ndi kumenya kwa hamala. Atamanga zonse anathira oyilo watsopano, n'kuuza Yotamu kuti azungulitse chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku kuti mpweya utuluke. Kenako anakoka chingwe kuchokera ku tayala la kumbuyo kufika la kutsogolo, mbali zonse ziwiri, akutsinzina diso limodzi, akupotokola pang'ono, mpaka matayala anayang'ana kumodzi. Anakayesa galimoto ndi Yotamu mumsewu wa kumsika. Pobwerako ankalankhulana motsitsa mawu m'Chitumbuka, ndipo atandiona onse awiri anati zii.

Madzulo ndinawauza amayi zonse, mpweya uli m'mwamba. Iwo ankasita yunifomu ndipo sanadzutse mutu.

"Tadala, za anthu akuluakulu uziona ndi maso, pakamwa uzitseka. Sudziwa kumene zachokera."

Koma ine ndinali nditagwira wakuba, woyamba m'moyo wanga. Tsiku lobwera aNyaMoyo ndinasamba m'mamawa n'kukawadikira kumsewu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ndani akanandiuza ine tsiku limenelo? Ndinawalandira chikwama, ndipo tisanafike pachipata ndinali nditakhuthula zonse: chiguduli, njinga, utoto, tayala. Za pepala zokha ndinaiwala.

Sanavule n'komwe duku la kumaliro. Anakwinya chitenje, anagona chagada n'kudzikokera pansi pa pikapu, mapazi okha akuoneka. Ndinamva chikhadabo chikukanda chitsulo. Anatuluka akununkhiza chala.

"Uwu ndi utoto wa mageti," anatero motsitsa. Kenako anakweza mawu mpaka kutsidya kwa msewu. "AShaba! Zaninge kuno!"

Kukuwa kwa aNyaMoyo kunali ngati belu. Amayi a kumpopi anasiya zidebe, akabaza awiri anaimika njinga, Yotamu anatuluka akumanga mabatani. AShaba anabwera pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Munkhungu! Wakuba wopanda manyazi! Imvi zonsezo! Raki ya adada Jere ili kuti?"

"Amama, galimoto ili bwino chomene. Iyeseni muone. Zinazo zisiyeni, ndapota."

"Ili kuti?"

"Ili ku Champhira. Ndinasinthanitsa ndi mnzanga amene ali ndi pikapu yonga iyi, inagwa kumbuyo koma kutsogolo kuli bwino. Ija sinali ya galimoto iyi, amama. Inali yaitali, mabowo osagwirizana. Mabushi enieni ndaitanitsa, awa ndi ongogwirizira."

"Bodza! Munthu angalakwitse galimoto yake yomwe, imene anagula yekha? Ngati zinali choncho, utoto mumapakiranji? Tiyeni kupolisi. Mukanene kumeneko."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati nayenso batire yake sinakhalitse itachoka kwa aShaba. M'tauni yaing'ono ngati ija, makaniko akangotchedwa wakuba kamodzi, atseke bokosi lake. Nkhalamba ija inangoima, ikupotokola chipewa. Apa m'pamene ndinakumbukira, ndipo ndinalankhula mokweza kuti aliyense amve kuti ndine ndinaona.

"Anabisanso pepala! Linali m'katoni. Lili m'thumba mwawomo."

AShaba ananditembenukira. Ndinkayembekeza mkwiyo, koma m'maso mwawo munali chisoni, ngati akuona mwana akuthamangira moto. Kenako anayang'ana aNyaMoyo.

"Tiyeni tilowe m'nyumba, amama. Awiriwiri."

"Yayi. Wakuba mlandu wake ndi wa pabwalo. Bweretsani."

Analitulutsa, lili ndi zidindo za zala zakuda. ANyaMoyo Chingerezi sankachiwerenga, ndipo pagulu lonselo amene ankamukhulupirira ndinali ine. Ndinaima njo ngati m'kalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Linali lisiti la sitolo ya zitsulo za galimoto. Ndinawerenga nambala ya galimoto imene inalembedwapo, n'kuyang'ana pa pikapu yathu: sizinafanane ngakhale chilembo chimodzi. Ndikanaima pamenepo. Koma ndinkafuna anthu amve kuti Chingerezi ndimachitha.

"Mwini galimoto," ndinawerenga, "Misisi Thandeka Jere."

ANyaMoyo dzina lawo loyamba linali Esinati, ndipo aliyense pamenepo ankalidziwa.

"Werenganso," anatero aNyaMoyo.

Ndinawerenganso, mawu akuchepa.

"Mlamu," anatero osamuyang'ana Yotamu, "ndi njani ameneyu?"

Yotamu anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi. Amayi a kumpopi nawonso anayang'ana pansi. Ndi pamene ndinazindikira kuti pabwalo lonselo amene sankadziwa tinali awiri okha: ine ndi mayi amene ankati palibe angamupusitse.

"Sitolo zikuluzikulu za kumeneko amangokufunsa nambala ya galimoto," anatero aShaba mofatsa, "makina n'kutulutsa zonse. Adada Jere anatchula nambala imene ili pakamwa pawo, ya galimoto imene amayendera kumeneko."

"Mukanangondiuza kuti chitsulo sichikukwana."

"Mukanafunsa kuti nanga chikukwana pa galimoto iti. Ndimakudziwani, amama. Mukanalondola mpaka kumapeto. Ndinati bola munditukwane ine."

Anthu anayamba kuchoka m'modzim'modzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ntchito imene anasiya. ANyaMoyo sanalire.

"Imani!" anakuwa. "Bwererani nonse. Ndamutchula munthu uyu munkhungu pamaso panu, ndibweza pamaso panu pomwepa. AShaba si akuba. Ndalakwa ndine." Kenako anatembenukira nkhalambayo. "Yewo chomene, adada. Koma musadzandinamizenso, ngakhale mwachifundo."

Analowa m'nyumba, ndipo ine ndinkaganiza kuti satulukanso tsiku limenelo. Anatuluka ndi kabotolo kaja. Anagonanso pansi pa pikapu, anapala utoto wa aShaba ndi mpeni, n'kudontheza kadontho kawo pa raki ya ku Champhira. Atadzuka anatsegula chitseko cha dalaivala, n'kukhala pampando umene sanakhalepo chibwerere galimotoyo. Anayang'ana chiwongolero kanthawi. Ndiye pakati penipeni pake, pamene aliyense angaone, anadontheza kadontho kakakulu, n'kukauzira mpweya kuti kaume. Anatulutsa dzanja pawindo, chikhato chili m'mwamba, ndipo Yotamu anaikamo makiyi.

Khirisimasi inafika, aJere sanafike. Nkhuku imene aNyaMoyo anawasungira tinadya ndife, pamodzi ndi aShaba. Mvula itadula, nkhalamba ija inkawatenga aNyaMoyo kubwalo la mpira kukawaphunzitsa kuyendetsa, pikapu ikudumphadumpha, iwo akukalipa kuti magiya ena akuwabisira dala. Ine aNyaMoyo sanandikalipirepo pa zimene ndinachita, komanso sananditumenso kuyang'anira munthu. Chaka chotsatira amayi anasamutsidwanso, ndipo katundu wathu anakatisiyira kudepoti ndi aNyaMoyo, akuyendetsa okha, manja onse awiri ali gwa pachiwongolero.

Lero ndili ndi kagalimoto kangakanga, ndipo amakaniko a kuno amandidziwa: ndimaima pambali pawo, chitsulo chakale ndimati andipatse, ndimanunkhiza ngakhale oyilo. Chimenecho ndi cholowa cha aNyaMoyo, ndipo sindichita nacho manyazi. Chimene chimandiwawa n'choti kwa aShaba sindinapepese. Ndinkawazemba mumsewu mpaka tsiku lochoka, ndipo nditakula n'kufunsa za iwo ndinamva kuti chifuwa chija chinawatenga kalekale. Kuntchito anzanga amandiseka kuti ndimachedwa, chifukwa munthu akandipatsa pepala kuti ndimuwerengere, ndimayamba ndaliwerenga chamumtima mpaka pansi, kenako ndimayang'ana amene aima pafupi, n'kumufunsa mwini wakeyo ngati sangakonde kuti tilowe kaye m'nyumba.